Kodi Ndi Phokoso Chabe?

Kuno ku Mkanda, kufupi ndi malire a Zambia, akuluakulu ena akukumbukirabe gitala wa Paul Ngozi, woimba wa ku Lusaka amene anamwalira mu 1989. M'chimbale chake cha 1976, Day of Judgement, gitalayo amalira mosasa mwadala, ngati khasu lopalidwa pamwala. Ansembe ambirife tikamva zotere timafulumira kugamula kuti ndi phokoso chabe. Kodi chigamulo chimenechi nchachilungamo?

Mlanduwu si wa Ngozi yekha. Ku America, Ornette Coleman, mu Free Jazz ya 1961, anasonkhanitsa magulu aŵiri a anthu anayianayi kuti aimbe nthaŵi imodzi, aliyense akupeka pomwepo. Mu 1989 John Zorn anatenga nyimbo za Coleman yemweyo naziimba ndi liŵiro ndiponso ukali wa punk, m'chimbale cha Spy vs Spy: oimba saxophone aŵiri, oimba ng'oma aŵiri, onse akuthamangitsana.

Tinaphunzira kwa Thomas Aquinas Woyera kuti kukongola kumafuna zinthu zitatu: kukwanira, kugwirizana kwa zigawo, ndi kuŵala. Oimbaŵa timawagwetsa pa muyeso wachiŵiriwo. Koma kugwirizana si kukoma kwa m'khutu ai. Aliyense amene anagonapo pasiwa akudziŵa kuti amai akamabuma maliro m'bandakucha palibe wowaimbitsa, komabe wina akayamba mnzake amalandira, ndipo wolira mwachiphamaso amadziŵika msanga. Ng'oma za Gule Wamkulu, zimene amishoni oyamba ambiri anaziyesa chisokonezo, zili ndi lamulo lokhwima: woimba mbalule sachotsa diso pa mapazi a wovina. Ena a ife tinazindikira zimenezi mochedwa, titadzozedwa kale.

Tsono funso loyenera ndi ili: kodi oimbawo akumverana? Kwa Coleman tikuti inde. Lipenga likafunsa, lina limayankha, ngakhale kuti khutu limatopa lisanazoloŵere. Kwa Ngozi tikutinso inde, pakuti gitala akamakuwa ng'oma zimamgwira dzanja, ndipo mnyamata wa m'komboni ankamva m'kukuwako mkwiyo wakewake.

Pa Zorn ndiye tikukayika. Luso lilipo, lodabwitsa ndithu, ndipo palibe amene akuphonya phazi. Koma pakatha mphindi khumi ukali wonse umafanana, ndipo sitimvanso chimene akulirira. Nyimbo za Coleman zinali ndi malo opumira, pamene mnzako akanatha kuloŵa ndi mau ake. Zorn anatseka ambiri mwa malo amenewo.