CIMAKE CA MFUTI M'KANEMA WA ABUSA A NG'OMBE

Nthano za pa televizioni zonena za abusa a ng'ombe a ku America zinakondedwa ndi anthu a maiko ambiri. Imodzi mwa izo ndiyo Gunsmoke, imene inayamba m'caka ca 1955 ndi kutha mu 1975. M'menemo munthu amaoneka atabvala lamba wogwera m'munsi, mfuti iri pa nchafu, cimake cace atacimanga ndi cingwe kumwendo. Pokangana ndi mdani amasolola mfutiyo msanga ngati mphezi.

Zimenezi nzokoma m'maso, koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nthanoyi ikunena za mzinda wa Dodge City m'zaka za m'ma 1870, pamene cimake cotere kunalibe. Mbusa weni-weni ankakhala pa kavalo tsiku lonse, m'pfumbi ndi m'mvula. Cifukwa cace ankabvala lamba m'ciuno mweni-mweni, ndipo cimake cinali cakuya, cophimba pafupi-fupi mfuti yonse, kuti isagwe kapena kucita dzimbiri. Cimake ca m'kanema anacikonza ndi amisiri a ku Hollywood. Mmodzi wa iwo, Arvo Ojala, m'zaka za m'ma 1950 anaika citsulo m'kati mwa cikopa kuti mfuti izituruka mosabvuta. Nchito yace inali kukondweretsa oonera, si kuweta ng'ombe ai.

Mfuti nazonso zimasoceretsa. Nthano ya The Rifleman ikunena za zaka za m'ma 1880, koma mwini nthano anyamula Winchester ya mu 1892, mfuti imene pa nthawiyo inali isanapangidwe.

Wina anganene kuti nthano ndi nthano, kacikopa kalibe mlandu. Nzoona kuti mfuti yolakwika caka siononga nkhani. Koma cimake cija ciri ndi mlandu waukuru, pakuti cimaphunzitsa woonera kuti masiku amenewo milandu inkatha ndi dzanja laliwiro. Mbiri ikukana zimenezo. Akuru a Dodge City, ndi a Tombstone mu 1881, anaika lamulo loletsa anthu kuyenda ndi mfuti mu mzinda, ndipo mlendo pofika ankayenera kuyamba waisungitsa.

Tsono woonera wanzeru asangalale ndi akavalo ndi kulimba mtima kwa anthuwo, koma asayese kanemayo buku la mbiri. Amuna amene anamanga mizinda ija anadziwa kuti mudzi umakhala ndi lamulo, ndipo mfuti ankaiopa monga aiopera munthu ali yense.