Kamera ya 1863 Sinkaona Asilikali Akuthamanga

Chaka ndi chaka, kumayambiriro kwa Julaye, minda yozungulira tauni ya Gettysburg ku Pennsylvania imadzaza ndi anthu ovala yunifolomu zaubweya, ena zabuluu, ena zotuwa. Amakhala akuyerekezera nkhondo imene inamenyedwa kumeneko kuyambira pa 1 mpaka pa 3 Julaye 1863, mkati mwa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, pakati pa a Kumpoto ndi a Kummwera. Bungwe la National Park Service, lomwe limasamalira malo enieni a nkhondoyo, sililola kuti magulu awiri aziwomberana mongoyerekezera pamalo amene anthu anaferapo, choncho seweroli limachitikira m'minda ya anthu wamba yapafupi. Ojambula amakhamukirako, ndipo ambiri mwa iwo amafuna chinthu chimodzi: chithunzi chooneka ngati chinajambulidwa nthawi ya Abraham Lincoln.

Ambiri amaphonya, ndipo amaphonyera pamodzimodzi. Amajambula asilikali akuthamanga mu utsi wa mizinga, kenako pakompyuta amasandutsa chithunzicho kukhala chakhofi, n'kuwonjezera timizere ndi timadontho kuti chioneke chotha. Iwo amati ukale uli mu mtundu wa chithunzi. Ine ndikuti ukale uli mu zimene kamera ya nthawi imeneyo inkatha kuchita ndi zimene inkalephera.

Ojambula a nkhondo imeneyi ankagwiritsa ntchito njira ya collodion, imene Frederick Scott Archer analengeza ku England mu 1851. Wojambula ankathira mankhwala onanda pagalasi, n'kuliviika m'madzi a siliva, n'kulilowetsa m'kamera likadali lonyowa. Ntchito yonse, kuyambira kuthira mankhwala mpaka kutsuka chithunzi, inkayenera kutha m'mphindi 10 kapena 15, galasi lisanaume. N'chifukwa chake ankayenda ndi ngolo yokokedwa ndi mahatchi, imene inali chipinda chawo chamdima. Diso la kamera linkakhala lotsegula masekondi angapo. Chilichonse choyenda chinkatuluka ngati nkhungu: mbendera youluzika, hatchi yogwedeza mutu, munthu wodutsa.

Tanthauzo lake n'loti kamera ya 1863 kawirikawiri sinkaona nkhondo ili mkati. Inkaona asilikali atakhala pakhomo la tenti, akuluakulu a nkhondo atazungulira tebulo, milatho, mizinga ili chete, ndiponso mitembo. Alexander Gardner atajambula akufa a pankhondo ya ku Antietam mu Seputembala 1862, zithunzizo zinaonetsedwa ku New York mwezi wotsatira, m'nyumba yazithunzi ya Mathew Brady, ndipo zinadzidzimutsa anthu chifukwa cha bata lake. Timothy O'Sullivan anachita zomwezo ku Gettysburg ndi chithunzi chake chotchedwa A Harvest of Death. Choncho chithunzi chakhofi cha msilikali ali m'malere, atakweza mfuti, nkhope yake ikuoneka bwinobwino, chimadzitsutsa chokha. Mtundu wake ukunena za 1863, koma liwiro lake ndi la kamera ya lero.

Nazonso zipsera n'zonama. Magalasi a Gardner ndi O'Sullivan anali akuthwa modabwitsa. Laibulale ya Library of Congress inaika ambiri mwa iwo pa intaneti, ndipo munthu akhoza kukulitsa chithunzi mpaka kuwerenga mabatani a jekete. Amisiri aja ankanyadira galasi loyera. Ming'alu ndi madontho ambiri amene timaona lero zinabwera ndi zaka komanso kusasungidwa bwino. Wothira zipsera pachithunzi chake ali ngati munthu wopaka dothi pansalu yogula dzulo kuti anthu aiyese ya agogo ake: wakopera kutha kwa nsaluyo, osati kalukidwe kake.

Chimene chimaoneka chakale kwenikweni ndi mmene mankhwala aja amaonera kuwala. Collodion imamva kwambiri kuwala kwabuluu, koma yofiira ndi yachikasu siimva. Thambo labuluu limatuluka loyera mbee, nthawi zambiri popanda mitambo. Thalauza labuluu wowala la msilikali wa Kumpoto limaoneka ngati loyera, pomwe mizere yofiira ya mbendera imada bii. Maso abuluu amayera ngati agalasi, ndipo khungu lopsa ndi dzuwa limada n'kuonetsa makwinya onse. Wogwiritsa ntchito kamera yamakono amene akudziwa zimenezi akhoza kuyandikira choonadi: achepetse kuwala kwa zofiira, akweze kwa zabuluu, aike kamera pamiyendo itatu, achedwetse chotsekera kuti zoyenda zichite nkhungu, ndipo asiye kuyandikitsa zinthu zakutali, pakuti ojambula akale ankasendera okha ndi miyendo.

Koma ntchito yokoma kwambiri imachokera kwa amene abwerera ku mankhwala enieniwo. John Coffer, yemwe anayendayenda m'America pangolo ya hatchi akujambula anthu mwanjira yakale, ndiponso Mark ndi France Scully Osterman, ali m'gulu la amene anadzutsa lusoli n'kuphunzitsa ena. Lero pamisasa ya oyerekezera nkhondo sipasowa tenti ya wojambula tintype, chithunzi chapakachitsulo kopyapyala kopakidwa zakuda, chonga chimene asilikali ankatumizira akwawo. Chithunzi chotere n'chimodzi chokha, chilibe chinzake, ndipo chimatuluka chotembenuka monga pakalilole, moti zilembo za palamba zimawerengeka chobwerera.

Chimene ndimachikonda pa tintype ndi zimene imachita pankhope. Munthu akauzidwa kuti asagwedezeke kwa masekondi angapo, kumwetulira kokonzekera kumatha, mapewa amatsika, maso amakhazikika. Amasiya kusewera usilikali, amangokhala munthu wovala jekete lotentha amene akudikira. Kudikira kumeneko ndiko kunali gawo lalikulu la moyo wa msilikali weniweni. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kamera imeneyi imakakamiza onse awiri, wojambula ndi wojambulidwa, kuti adekhe. Wojambula waluso amayang'ananso zimene mankhwala sangabise: wotchi yapamkono, magalasi amaso amakono, waya wamagetsi kumbuyo, ndiponso thupi. Asilikali ambiri a 1863 anali anyamata oonda chifukwa choyenda mitunda italiitali. Oyerekezera ambiri lero ndi abambo achikulire odya bwino. Kusankha woti umujambule ndi luso lofanana ndi kusankha kuwala.

Wina anganene kuti akale nawonso sanali oyera mtima pankhani ya choonadi, ndipo akunena zoona. Ku Gettysburg, gulu la Gardner linanyamula mtembo wa msilikali wa Kummwera kuchoka pamene unagona, n'kukauika pakati pa miyala ya Devil's Den, n'kutsamiritsa mfuti pambali pake. Chithunzicho chinatchuka ndi dzina loti Home of a Rebel Sharpshooter, ndipo William Frassanito anafotokoza mwatsatanetsatane za kusunthako mu 1975. Nkhani imeneyi ndi chenjezo. Chithunzi chimodzi chokonzedwa chinanamiza anthu zaka pafupifupi 100. Chithunzi cha oyerekezera chikafanana kwambiri ndi chakale, n'kulowa pa intaneti chopanda mawu ofotokoza, posakhalitsa wina amachitenga ngati umboni wa mbiri. Luso likamakula, udindo wolemba chaka ndi malo pansi pa chithunzi umakulanso.

Ojambula awiri aonetsa kuti kunena zoona sikuchepetsa mphamvu ya chithunzi. An-My Lê, wobadwira ku Saigon, anajambula anthu oyerekezera nkhondo ya ku Vietnam m'nkhalango za ku Virginia pakati pa 1999 ndi 2002, m'ntchito yake yotchedwa Small Wars. Anagwiritsa ntchito kamera yaikulu yapamiyendo, zithunzi zakuda ndi zoyera, ataima chapatali. Sanabise kuti mitengoyo ndi ya ku America, ndipo woona amakakamizika kufunsa chimene amuna amenewa akufunafuna m'thengomo. Sally Mann anajambula dothi la ku Antietam ndi collodion, popanda msilikali ndi mmodzi yemwe. Iye amalola madontho ndi mizere ya mankhwala, koma ndi zipsera zobadwa ndi galasi lenilenilo m'manja mwake, ndipo sanamizira kuti ntchitoyo ndi ya Gardner.

Pali chinthu chinanso chimene mtundu wakhofi umachita mwakachetechete: umakongoletsa. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America ija inapha anthu oposa 600,000, ndipo pachimake pake panali ukapolo wa anthu akuda pafupifupi 4 miliyoni. Amuna akuda pafupifupi 180,000 anamenya nkhondo m'gulu la asilikali a Kumpoto, ndipo lero alipo oyerekezera akuda amene amavala yunifolomu za magulu ngati 54th Massachusetts. Wojambula amene amadzaza zithunzi zake ndi mbendera za Kummwera ndi ndevu zokongola, n'kusiya anthu amenewa kunja, wasankha mbiri yoti anene. Ndipo akawajambula, aphunzire kuwapatsa kuwala kokwanira, pakuti collodion imadetsa khungu lakuda mopitirira, ndipo wojambula waulesi amataya nkhope yonse mumdima.

Kwa inu amene mukufuna kuyesa lusoli, yambani ndi kuyang'anitsitsa zithunzi za Gardner ndi O'Sullivan musanakhudze batani lililonse losintha mtundu. Onani pamene anaima, zimene zili zakuthwa, zimene zachita nkhungu, ndiponso zimene mulibemo. Mukafika pamsasa, pitani kumatenti m'mawa, kumoto wophikira, kwa otopa amene akhala pansi mizinga italeka kulira. Ngati mukufuna utsi ndi liwiro, zijambuleni ndi kamera ya lero m'mitundu yake ya lero, pakuti n'zochitika za lero. Ndipo chithunzi chanu chikafanana ndi cha 1863 mpaka kusokoneza maso, lembani pansi pake chaka chenicheni chimene munachijambula.