MWAMUNA WOTHAMANGA: Maganizo pa Mafilimu a Chikondi ndi Nthabwala

Aliyense amene waonerako mafilimu a chikondi osakaniza ndi nthabwala, a ku Hollywood ngakhale a ku London, adzavomerezana nane kuti mwamuna wa m'mafilimuwa ndi mmodzi yemweyo. Amangosintha dzina ndi malaya. Poyamba amakhala wouma mtima kapena wamantha. Pakati amalakwira mkazi. Kukatsala mphindi zowerengeka kuti filimu ithe, amaliyatsa liwiro kukapepesa. Dandaulo langa ndi lakuti alembi amatipatsa liwirolo m'malo motionetsa kusintha kwa khalidwe.

Titenge Pretty Woman ya mu 1990. Edward Lewis, amene ntchito yake ndi kugula makampani n'kuwagulitsa zidutswazidutswa, akulonjeza Vivian madola 3,000 kuti akhale naye sabata imodzi. Sabata isanathe akumuuza kuti amupezera nyumba ndi ndalama, iye azingomuyendera akapeza mpata. Vivian akukana. Pamapeto Edward akukwera makwerero a kunja kwa nyumba atanyamula maluwa, ngakhale amaopa malo aatali, ndipo ife oonera tikuomba m'manja. Koma kodi makwererowo afafaniza bwanji maganizo akuti mkazi ndi katundu wosungitsa? Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mu Love Actually ya mu 2003, yolembedwa ndi Richard Curtis, zinthu zanyanya. Mark akukonda Juliet, mkazi wa bwenzi lake la pamtima. Pa tsiku la ukwati wawo akujambula pafupifupi nkhope ya mkwatibwi yokha. Pa nyengo ya Khirisimasi akuima pakhomo ndi zikwangwani zolembapo chikondi chake, mwini mkazi ali m'nyumba momwemo. Ikanakhala nkhani ya pamudzi, akuluakulu akanaitanitsa bwalo. Filimu ikumupatsa mphotho ya kupsompsonedwa.

Sindikunena kuti mafilimu onse alephera. Mu When Harry Met Sally ya mu 1989, Nora Ephron akumuthamangitsanso Harry m'misewu ya New York usiku wolowera chaka chatsopano. Kusiyana kwake n'kwakuti Harry atafika akutchula tizizolowezi ta Sally timene wakhala akutiona pa zaka 12 zimene adziwana. Pamenepo timakhulupirira, pakuti mlembi wationetsa mwamuna womvetsera, osati wopupuluma chabe.

Ena adzati izi n'zosangalatsa basi, tisazilemeretse. Ine ndikuti mnyamata amene waonera mafilimu khumi otere amaphunzira kuti "ayi" wa mkazi ndi chiyambi cha mpikisano, ndiponso kuti zolakwa za chaka chonse zimafufutika ndi chionetsero cha tsiku limodzi. Mtsikana nayenso amaphunzira kudikira chionetserocho.

Choncho anzanga olemba, mukamaumba mwamuna wa m'nkhani ya chikondi, musatiuze kuti anathamanga mtunda wautali bwanji. Tiuzeni zimene anachita m'mawa mwake.