Kamdothi Asungunuke Ndithu

Nthano ya Kamdothi imathera pachisoni. Mayi wopanda mwana adaumba mwana wadothi namuchenjeza kuti azithawa mvula. Tsiku lina mwanayo adasewerera kutali, mvula idamupeza panjira, ndipo adasungunuka. Alembi ena akamalembera ana amafewetsa mathero otere poopa kuti anawo angalote zoopsa. Ine ndikuti kumeneko n'kulakwitsa.

Mwana amawadziwa kale mantha. Amaopa mdima wa kuchimbudzi, galu wolusa, bingu ndi jakisoni wa kuchipatala. Nthano imamupatsa bwalo loyesererapo kulimba mtima. Za mvula ija amazimva akuwotha moto, atatsamira agogo ake, ndipo mtima ukamagunda amavomera pamodzi ndi anzake kuti "tilitonse." Mankhwala ake ndi amenewo: choopsa chafika, koma iye sali yekha, ndipo kukacha adzuka bwinobwino.

Buku lilibe moto, lilibenso agogo. Apa ndiye pagona ntchito ya mlembi. Ayenera kupeza cholowa m'malo mwa "tilitonse" papepala, kaya ndi nyimbo yobwerezabwereza, kaya mawu a wokamba amene sataya mwana pakati pa nkhani. Koma mvulayo aisiye igwe. Akaichotsa, mwana adzakumana nayo koyamba ali yekhayekha panjira.