Ng'oma ya a Christon Tembo, Okana Kachitatu

Wambani mbalule pamoto, anyamata a ku Katete, chikopa chikungike. Mpanje uyankhe kuchokera ku Sinda. Gunda agunde ku Vubwi kumalire, amve ndi abale a ku Malawi ndi ku Mozambique. Za Gawa Undi zili ndi tsiku lake ku Mkaika, pa Kulamba; lero tikutchula msilikali. A Christon Tembo! A Jenerale, atate athu a kuno kum'mawa, amene munatsikira kuli chete pa 6 Marichi 2009 ku Lusaka, tcherani khutu kumene mwagonako, maina anu ndi awa.

Inu Mkulu-wa-asilikali, amene gulu lankhondo la Zambia linkaima njo mukamadutsa. Inu Kazembe-wa-ku-Bonn, wotumidwa ku West Germany. Inu Mlawa-ndende: mu 1988 anakugwirani, ati mukufuna kugwetsa boma la a Kaunda, mlandu wa chingwe pakhosi, koma mu 1990 chitseko chinatseguka, munatuluka wamoyo. Inu Nduna ya MMD kuyambira 1991, poyamba wa zokopa alendo, kenako wa zakunja. Inu Mpando-wachiwiri, wotsatira a Chiluba kuyambira Disembala 1997.

Mbalule itsike pang'ono apa, chifukwa kutamanda si kunama. Ife a kum'mawa, amene mu 1991 tinapereka mipando yonse 19 ya chigawo chino ku UNIP dziko lonse likupita kwina, sitinaiwale kuti munali m'boma pamene malamulo a 1996 anatsekera a Kaunda panja pa chisankho. Sitinaiwale kuti pa Khirisimasi ya 1997, nkhalamba ija ikutengedwa kupita kundende, inu munali mutangokhala pampando wachiwiri. Zinatiwawa, atate, ndipo tikukuuzani pamaso monga amachitira ana a pakhomo.

Tsopano kwezani, kwezani ndithu, wafika 2001!

Inu Mkana-kachitatu! Malamulo a dziko ankati mtsogoleri alamule kawiri, zaka zisanu zisanu, basi. Anthu a pafupi ndi State House anayamba kuimba kuti a Chiluba apitirize, makadala akuvina m'misewu, ena mwa akuluakulu a chipani m'zigawo akuvomereza. Inu munali pafupi ndi mphika kuposa onse. Mukanangotseka pakamwa, galimoto ya mbendera ikanakhala yanu, nyumba ya boma ikanakhala yanu, apolisi a pageti akanapitiriza kukuchitirani sawasha m'mawa uliwonse. Munatsegula pakamwa. Inu Wachiwiri-wotsutsa-woyamba, Msilikali-wopanda-mfuti, amene munaphunzira kumvera lamulo kukampu, n'kudzasankha kumvera lamulo la dziko osati la munthu.

Simunali nokha, ndipo ng'oma iwatchule. Analipo a Godfrey Miyanda, analipo mayi Edith Nawakwi, analipo aphungu ndi nduna zina. Kunja kunali Oasis Forum, mipingo ndi maloya ndi mabungwe a amayi atagwirana manja. Tinaona kansalu kobiriwira kobayidwa ndi phini pachifuwa cha mphunzitsi, pa jekete la kalaliki, pa bulauzi ya mayi wa pamsika. Tinamva mahutala a magalimoto akulira Lachisanu madzulo, woyendetsa minibasi dzanja lili pa hutala, maso ali kwa wapolisi. Komabe kukana kwa munthu wa pamsewu ndi kwina, kukana kwa munthu wodyera mbale imodzi ndi mwini mpando ndi kwinanso, ndipo n'chifukwa chake mbalule ikulira dzina lanu.

Inu Mpirikitsidwa-pa-Mulungushi! Chipani chinasonkhana ku Mulungushi Rock, ku Kabwe, kumapeto kwa Epulo, n'kusintha malamulo ake kuti a Chiluba aimenso. Inu ndi anzanu, anthu 22, munachotsedwa m'chipani chimene munathandiza kumanga. Mpando wanu unapatsidwa kwa a Enoch Kavindele. Koma sabata yoyamba ya Meyi isanathe, a Chiluba anauza dziko kuti sadzaimanso. Mchotsedwa-wopambana! Mtaya-mpando-wosunga-lamulo!

Inu Mmanga-nyumba-yatsopano, tate wa Forum for Democracy and Development. Pa 27 Disembala 2001, mvula ili pakati, chimanga chikufuna kupalira, amayi a ku Nyanje ndi ku Kagoro anasiya makasu kukaima pamzere, ana kumbuyo, inki pachala. Sinda anatumiza a Levy Ngoma ku nyumba ya malamulo pa tikiti ya FDD, mmodzi mwa aphungu 12 amene chipani chanu chinapeza. Inuyo munatuluka wachitatu, mavoti 13 pa 100 alionse, kumbuyo kwa a Levy Mwanawasa ndi a Anderson Mazoka. Otsutsa munaima ambiri, aliyense ndi chipani chake, mavoti anagawikana, ndipo MMD inadutsa ndi mavoti osafika 30 pa 100. Ichinso chimatipweteka mpaka lero, a Jenerale, kuti amene munakana limodzi munalephera kuima limodzi.

Imbani m'manja amayi, nthungululu zimveke mpaka ku Mphangwe! Pa 2 Januwale 2002 wonyamula Baibulo kulumbira sanali inu, atate Tembo, koma sanalinso a Chiluba.