Luso la bonsai: mtengo wa elm m'dera la tiyi

Bonsai ndi luso lolera mtengo mumphika wosaya kuti, ngakhale uli waufupi, uoneke ngati chimtengo chakalekale. Linayambira ku China, kumene limatchedwa penjing, ndipo linakhwimira ku Japan. Mwa mitengo yomwe amisiri amaikonda pali elm wa ku China, Ulmus parvifolia. Masamba ake ndi aang'ono mwachibadwa, amaphukira msanga akadulidwa, ndipo khungwa lake likakalamba limasupuka n'kusiya mawangamawanga.

Ku Thyolo maziko a lusoli si achilendo. Tiyi wa m'minda ya Naming'omba, Makandi kapena Satemwa (munda womwe Maclean Kay anaukhazikitsa mu 1923) ndi mtengo woti atausiya ungatalike mamita 10. Umalekezera m'chiuno chifukwa cha mpeni wa odulira ndi zala za othyola. Nsonga ikachoka, nthambi za m'mbali zimaphuka n'kuchulukana. Elm amamveranso lamulo lomweli. Chosiyana ndi cholinga: wodulira tiyi amafuna pamwamba pafanane kuti masamba athyoleke bwino, pomwe mmisiri wa bonsai amafuna mtengo uonetse ukalamba.

Ukalambawo umayambira pansi. Mizu iyenera kuyanza mbali zonse pamwamba pa dothi, thunthu likhale lonenepa patsinde n'kumawonda pokwera. Nthambi za m'munsi zimakhala zazikulu ndi zotalikirana; za m'mwamba zimachepa n'kuyandikana. Elm amayenerana ndi maonekedwe awiri: moyogi, wa thunthu lokhotakhota koma nsonga ili pamwamba pa tsinde, ndi hokidachi, wa thunthu lowongoka lomwe nthambi zake zimamwazikira pamalo amodzi ngati tsache loimika chadodolido.

Popinda nthambi amakulunga waya wa aluminiyamu kapena wamkuwa. Poti elm amanenepa mofulumira, waya wochedwa kuchotsa umalowa m'khungwa n'kusiya zipsera zomwe zimatenga zaka kuti zifafanike. N'chifukwa chake amisiri a ku Guangdong, a mwambo wa Lingnan, amadalira lumo: nthambi amaisiya italike mpaka inenepe, amaidula pafupi, mphukira yatsopano n'kulowera kwina. Njirayi imachedwa, koma makhotedwe ake amaoneka achilengedwe. Apa ndi pomwe pagona muyeso wa ntchito yonse, pakuti bonsai wabwino saonetsa pomwe padutsa dzanja la munthu. Mtengo wometedwa mozungulira ngati mpanda wamaluwa ndi wosamalika, koma luso mulibe.

Kuonetsa mtengo nakonso ndi mbali ya luso. Mmisiri amasankha kutsogolo, komwe mizu ndi thunthu zimaoneka bwino, ndipo nsonga imaweramira pang'ono kwa woonera. Mphika usapikisane ndi mtengo: kuya kwake kumayandikira kunenepa kwa tsinde, ndipo mumphika wotalika m'mbali mtengo umadzalidwa chakumbali osati pakati penipeni. Umaikidwa pa katebulo kuti thunthu lilingane ndi maso, kumbuyo kuli khoma lopanda zokongoletsa. Umu ndi momwe zimakhalira pa chionetsero cha Kokufu ku Tokyo, chomwe chinayamba mu 1934.

Mtengowu ungathe kukhala m'nyumba, koma kwawo ndi panja. Chinyontho cha chiperoni chimausangalatsa, koma m'chilimwe, makamaka mu Okutobala, dothi la mumphika limauma msanga, motero umafuna madzi tsiku lililonse ndi mthunzi masana. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mizu imadulidwa ndipo dothi limasinthidwa.

Mfundo zomwezi zimagwiranso pa mitengo yakuno. Ku South Africa amisiri anakhazikitsa maonekedwe a mlambe ndi ena otchedwa Pierneef, otengera mitengo yaminga yathyathyathya pamwamba, ndipo kachere amalola bwino kudulidwa ndi kulereredwa mumphika.