Miyala ya pa mlatho ili ndi eni ake

Tikafunsa ophunzira athu za milatho ya m'dziko muno, amachula iwiri: wa Dona Ana pakati pa Sena ndi Mutarara, umene unatha kumangidwa mu 1935, ndi wa mu mzinda wa Tete, umene anaukonza Edgar Cardoso. Koma kamlatho kamiyala kamene amaolokapo popita ku cigayo saukumbuka. Ena amati n'za Apwitikizi, zilibe nchito. Ena afika pogumula miyala yake kukamangira maziko a nyumba. Ife tikuti maganizo amenewa ngolakwika.

Inde, analamula ndi atsamunda. Nanga anasenza miyala ndani? Misewu yambiri ya kumidzi inalimidwa ndi anthu a cibalo, amuna ndi akazi omwe, ndipo wocedwa ankalawa mbalamatodya. Lamulo la cibalo linathetsedwa mu 1961, koma maina a anthuwo sanalembedwe pa mlatho uliwonse. Tikaugumula, tikufafaniza thukuta la agogo athu, si la mzungu ai.

Taonaninso luso lake. Pansi pa mlatho wotere miyala inayalidwa ngati uta, uliwonse kutsamira unzake, ndipo wa pakati pamwamba ndiwo umatseka. Katundu akalemera pamwamba, miyala imangopanikizana. Koma mukazulapo umodzi, kapena mukalola mizu ya mkuyu kulowa m'ming'alu, zonse zimayamba kumasuka.

Lamulo 10/88 loteteza cuma ca makolo limasunga zomangidwa zonse za kale kuposa 1920. Mlatho womangidwa pambuyo pa caka cimeneco umadikira wina woulankhulira. Pamenepa ifenso a mpingo tili ndi mlandu. Timalalikira za miyala 12 imene Yoswa anaimika kuti ana adzafunse tanthauzo lake, koma miyala ya pa mtsinje wathu sitinaifunsepo kanthu.

Tsono inu atsogoleri a makalasi, tsiku lina tulukani ndi ophunzira, mupite nawo ku mlatho pamodzi ndi agogo a m'mudzimo. Alembe dzina la mtsinje, maina a amene anagwirapo nchito, kumene miyala inafukulidwa, ndi zimene zinacitika pamenepo pa nkhondo imene inatha mu 1992. Mayi amene waphunzira kulemba dzina lake angathenso kulemba dzina la atate ake. Musacedwe, pakuti akulu odziwa zimenezi atsala owerengeka. Zimene mwalemba titumizireni, tidzazisindikiza.